Mayi Mwaonadi ndi Holo ya Ukwati

Tayerekezani kuti ndi m'mawa wa Lolemba, ndipo mwaima pakhomo la malo ochapira zovala amene ali kuseri kwa sitolo yogulitsa utoto. Chitseko chachitsulo angochikweza kumene. Mkati mukumveka fungo la sopo ndi la nsalu yotentha, makina ayamba kale kulira, ndipo pa tebulo lalitali pali mulu wa zoyera: madiresi a akwatibwi amene anavalidwa Loweruka, abwera kudzachapidwa asanabwerekedwenso kwa ena. Kuseri kwa muluwo kwaima mayi wamfupi, wa mikono yolimba. Sanayambe kuchapa. Akutenga diresi limodzilimodzi, kulitembenuza, kuyang'ana mpendero, kuyang'ana m'khwapa, ngati dokotala amene akupima wodwala wosatha kulankhula.

"Uyu anayenda pansi, galimoto inamusiya panjira. Taonani matopewa," amatero kwa anzawo a kuntchito. "Uyu anaimirira padzuwa nthawi yaitali. Uyu analira, koma si misozi ya chisangalalo ayi. Ya chisangalalo imagwera pachifuwa. Iyi ankapukutira kumkono kuti anthu asaone."

Anzawowo ndiwo anawapatsa dzina loti Mwaonadi, chifukwa ndilo funso limene silichoka pakamwa pawo. Ukawauza kuti madzi abwera kumpopi, amafunsa kuti, "Mwaonadi?" Ukati abwana atuluka, amati, "Mwaonadi, kapena mwangomva?" Dzinali linawatsatira mpaka kunyumba, moti ife oyandikana nawo tinaiwala lenileni. Iwo sakwiya nalo. Amati pa zaka zonse zimene achapa madiresi a ukwati sanakumanepo ndi limodzi lomwe linawonongeka chifukwa cha mdani. Onse amawonongeka chifukwa cha wachibale amene anauza anzake kuti asadandaule, iye asanapite kukaona.

Ine ndinawadziwa chifukwa cha mwana. Mchimwene wawo atamwalira, anatenga kamtsikana kake n'kukalera m'nyumba yawo ya zipinda ziwiri, yomwe imagundana mpanda ndi yanga. Kamtsikanako kanadzapezeka m'kalasi mwanga. Kanali kanzeru, koma kankapereka pepala la mayeso anzake asanafike n'komwe pakati, nthawi zina osatembenuza tsamba lomaliza, ndiye anzake anakatcha Kafulumira. Kakauza azakhali ake kuti kakhoza masamu, mawa lake azakhaliwo ankafika kusukulu.

"Aphunzitsi, akuti wakhoza. Ndilione pepalalo."

Ndinkawaonetsa. Ankaliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kundibwezera, n'kuthokoza mwaulemu. Pobwerera ankamugulira mwanayo pensulo yatsopano, koma osanena kuti ndi ya chiyani.

Kafulumira anakula, anaphunzira unamwino, kenako anapeza mnyamata wokonza magetsi, wofatsa, wa mawu ochepa. Tsiku limene anabwera naye kunyumba, azakhali anamuyang'ana mnyamatayo nsapato, kolala ndi zikhadabo, n'kunena kuti, "Chabwino." Ife owadziwa tinazindikira kuti wakhoza bwino kwambiri.

Komiti ya ukwati inkakumana Lamlungu masana pabalaza pa Mayi Mwaonadi, pa mipando yobwereka kwa ine. Inenso anandiitana kuti ndizikhala nawo, poti ndinazolowera kukhalitsa chete anthu ambiri m'chipinda chaching'ono. Mbali ya mwamuna, amene ankalankhula kwambiri anali mkulu wake wa mkwati, bambo wansangala wogulitsa zipangizo za galimoto, wodziwana ndi aliyense. Ameneyu anthu ankamutcha Zatheka, ndipo pa msonkhano woyamba womwewo tinadziwa chifukwa chake.

"Keke?" ndinafunsa ine.

"Zatheka."

"Galimoto ya mkwatibwi?"

"Zatheka kalekale."

"Holo?"

"Imeneyo ndiye musataye nayo tulo. Loweruka lomaliza la mwezi wamawa ndi lathu."

"Mwaonadi?" anafunsa mwininyumba.

Anthu anaseka, Zatheka ndiye anaseka kuposa onse. "Amayi, ine ndikadzamwalira, inu mudzabwera ndi galasi kudzandiika pamphuno kuti muone ngati ndasiyadi kupuma."

"Ndidzabwera nalo," anatero iwo, osamwetulira. "Holoyo mwalankhula ndi ndani?"

"Muli mnzanga wa pamtima mmenemo, tinakulira limodzi. Ndinamuimbira, anati tsikulo ndi lanu."

"Anati."

"Anati, amayi."

"Pa foni."

"Nanga akananena pa chiyani, pa wailesi?"

Anthu atabalalika, ine ndikutulutsa mipando yanga, ndinamva Kafulumira akulankhula ndi azakhali ake kukhitchini. "Azakhali, chonde musawachititse manyazi alamu pagulu. Amene akukalowa m'banja mwawo ndi ine, si inu. Mukawafunsanso choncho, adzati ndachokera kunyumba ya apolisi."

Mayi Mwaonadi analonjeza kuti sadzafunsanso. Ndipo sanafunsedi. Koma kusiya kufunsa si kusiya kukayikira, ndipo iwo anali ndi njira yawo ina, imene anali ataigwiritsa kale ntchito pa maukwati a ana a anzawo. Ankati munthu ukamufunsa ngati wakusungira malo, amangoti eya; koma ukamufunsa ngati ali ndi malo oti akugulitse, ndi pamene amanena zoona. Choncho ankapita kwa aliyense wopatsidwa ntchito pa ukwati ngati mlendo, n'kupempha tsiku lomwelo ngati kuti ali ndi ukwati wawo wina. Wokhulupirika ankawakaniza. Wosakhulupirika ankawalandira ndi manja awiri.

Lachitatu ankaweruka masana. Lachitatu limenelo anamanga duku wobiriwira mpaka pachipumi, n'kuvala magalasi akuda amene kasitomala wina anawaiwala m'thumba la suti zaka zapitazo osabweranso kudzawatenga. Zimene zinachitika tsikulo anandifotokozera okha pambuyo pake, zonse zitatha.

Anayambira kwa mayi wophika keke, amene ankagwirira ntchito m'khitchini ya kunyumba kwake. Anamupeza akusefa ufa, mwana ali kumbuyo.

"Tsiku limenelo ndili kale ndi ukwati wa namwino wina. Sindiphatikiza," anatero wa keke.

"Simungandipanikizireko? Yanga ndi yaing'ono."

"Uvuni ndili nawo umodzi, mayi, ndipo manja ndi awa mukuwaonawa."

Apa akanangochoka. Koma Mayi Mwaonadi anafuna kutsimikiza kuti namwinoyo ndi wawo yemwe. "Namwino wake uti? Wamtali uja? Akukwatiwa ndi wamagetsi uja eti?" Wa keke anasiya kusefa. Anawayang'ana mayi a magalasi akudawo, ndipo atatuluka anawasuzumirabe pawindo mpaka anakhota.

Mwini galimoto anamupeza akutsuka galimotoyo pabwalo, nsalu ili paphewa. Nayenso anati tsikulo watengedwa kale. Iwo anazungulira galimoto yonse, kusuzumira pansi, kumenya tayala lililonse ndi phazi.

"Matayala amenewa adzamufikitsa mkwatibwi?"

"Mayi, mukufuna galimoto kapena mukufuna mlandu?" anafunsa mwini wake. "Ndati ndatengedwa. Mkwatibwi wa eni ake mukumufunsiranji?"

Anachoka pamenepo mtima uli m'malo, mpaka kuyamba kuganiza kuti mwina anamulakwira Zatheka pomukayikira. Kenako anafika ku holo. Inali nyumba yaitali ya mawindo apamwamba, mipando ya pulasitiki itasanjikizidwa kukhoma, pansi pakununkha polishi. Kutsogolo kunali bambo wina akuyeza nsanja ndi mapazi, akuti ankafuna malo oti kwaya yake idzaimbire. Woyang'anira holoyo anali mtsikana wachangu, mtolo wa makiyi uli m'chiuno.

"Loweruka lomaliza la mwezi wamawa? Lilipo," anatero mtsikanayo.

"Palibe amene analitenga?"

"Palibe."

"Ngakhale pa foni? Ngakhale kudzera kwa mnzanu wina?"

"Mayi, makiyi ndimagwira ndine. Akanalitenga munthu ndikanadziwa."

Mayi Mwaonadi anatsitsa mpando umodzi pamulu n'kukhala pansi. Makadi oitanira anthu anali atapita kale kosindikiza, dzina la holo imeneyi lili pamenepo. Anayang'ana bambo wa kwaya uja, amene tsopano ankabwera cha kwa mtsikanayo akufunsa za masiku a mwezi wamawa. Anaona kuti akati athamange kukauza a komiti, pobwera adzapeza tsikulo latengedwa.

"Ndisungireni ine," anatero. "Mwana wanga akukwatiwa."

Mtsikanayo anavomera, koma anati adzabwerenso Lachitatu la sabata yachiwiri kudzatsimikiza, apo ayi adzapatsa ena.

Mpaka apa, ine monga mphunzitsi ndikanawapatsa mamalikisi onse. Cholakwa chinayamba atafika kunyumba, chifukwa sanauze munthu. Ali m'minibasi anali ataganiza kale kuti Zatheka sanangoiwala ayi, koma ananama dala, ndipo munthu wonama za holo ali ndi china chimene akubisa. Kumufunsa pagulu anali ataletsedwa. Kumuuza Kafulumira kunali kuulula za magalasi akuda. Ndiye anaganiza zokhala chete kuti aone ndi maso awo kuti bamboyu adzaulula liti yekha. Holo inali m'manja mwawo. Ankaona ngati palibe chimene chingawonongeke podikira.

Zimene sankadziwa n'zakuti mawa lake Zatheka anadutsira ku holo kuja kuti akamuone mnzake wa pamtima uja. Anauzidwa kuti mnzakeyo anasiya ntchito kalekale n'kusamukira kwina, osasiya uthenga uliwonse. Atafunsa za tsiku lija, mtsikana wa makiyi anamuuza kuti latengedwa dzulo lomwe ndi mayi wina wa duku wobiriwira ndi magalasi akuda. Zatheka anachonderera, anatchula mayina a anthu onse akuluakulu amene amawadziwa, koma mtsikanayo anati wobwera koyamba ndi woyamba. Nayenso anabwerera kwawo osauza munthu. Anayamba kuyendayenda yekha kufunafuna malo ena, koma konse kunali kodzaza.

Lamlungu lotsatira msonkhano unali wachilendo. Zatheka anakhala pafupi ndi chitseko, tiyi wake osamukhudza.

"Holo ija ndaiganiziranso," anayamba motero, akuyang'ana kudenga. "Ndi yotentha. Anthu akuluakulu angakomokemo. Zimbudzi zakenso sindikuzikhulupirira."

"Mwayamba liti kusakhulupirira zinthu, achimwene?" anafunsa Mayi Mwaonadi mofatsa.

"Munthu amaphunzira, amayi. Kuli bwalo lina labwino kuseri kwa fakitale ya matabwa. Tingoimika tenti, mphepo yake yabwino."

"M'mwezi wa mvula."

"Mvula ya chaka chino ndi yaulesi."

"Nanga mnzanu wa pamtima uja adzamva bwanji tikamukana?"

"Ndi munthu womvetsa."

Ine ndinkayang'ana uku ndi uku osamvetsa kanthu. Ndinaona Mayi Mwaonadi akuyang'anitsitsa mapazi a Zatheka, amene tsiku limenelo anavala nsapato zatsopano, zonyezimira. Ndinaonanso Zatheka akuyang'ana amayi onse a m'chipindamo mmodzimmodzi, ngati akuyeza mitu yawo. Mlongo wake wa mkwati atafuna kupukuta magalasi ake owerengera, Zatheka anawatsatira ndi maso mpaka anabwerera pamphuno. Tinabalalika osagwirizana kanthu.

Sabata imeneyo nkhani zitatu zinakumana. Kafulumira atapita kukasankha mtundu wa maluwa a pa keke, wa keke anamukokera pambali n'kumuuza kuti kunabwera mayi wobisa nkhope amene ankafunsa za iye ndi za mwamuna wake. Mwini galimoto anakumana ndi mkwati n'kumuchenjeza kuti mayi wina wa magalasi akuda anabwera kudzasuzumira pansi pa galimoto ya mkwatibwi. Ndipo Zatheka, atatopa ndi kusenza yekha, anaulula kwa mng'ono wake kuti holo yalandidwa, ndipo wolandayo ndi mayi yemweyo.

Achinyamata awiriwo atakhala pansi n'kuphatikiza zimene anamva, anafika pa yankho limene aliyense akanafikapo: pali munthu amene sakufuna kuti ukwatiwu uchitike. Funso linali lakuti munthuyo wachokera mbali ya ndani. Kafulumira anakumbukira kuti wamagetsiyo anali ndi chibwenzi china kale, mtsikana amene mayi ake sanasangalale pamene chinatha. Wamagetsi naye, munthu wa mawu ochepa uja, anapeza mawu okwanira kufunsa za dokotala wina wa kuchipatala amene ankakonda kumuperekeza Kafulumira akaweruka. Aliyense anakana, ndipo kukana kwa mmodzi kunangowonjezera kukayikira kwa mnzake.

Lolemba masana, ana atapita, ndikufufuta bolodi, ndinaona Kafulumira ataima pakhomo la kalasi, akadali mu yunifolomu yake yoyera. Analowa n'kukhala pa desiki yakutsogolo, mawondo osakwana bwino.

"Aphunzitsi, ukwati kulibe."

Ndinaika chofufutira pansi n'kumumvetsera mpaka anamaliza. Ndinamufunsa ngati wawauza azakhali ake.

"Kuti anene kuti chiyani? Adzangondiyang'ana muja amayang'anira diresi lothimbirira. Ndikufuna ndimuone kaye mayiyo. Wa ku holo wandiuza kuti abweranso Lachitatu masana. Ndikamuona nkhope ndidziwa kuti watumidwa ndi ndani. Mundiperekeze, aphunzitsi, kuti ndikakafuna kumugwira pakhosi mukandiletse."

"Watembenuza tsamba lomaliza?" ndinamufunsa.

"Nthawi ino palibe tsamba lina," anayankha.

Lachitatu tinapezeka anthu anayi mu holo muja, poti wamagetsi ndi mkulu wake nawonso anabwera kudzamuona mayiyo, titakhala kuseri kwa milu ya mipando ngati ana othawa kalasi. Kafulumira anakhala kumanja kwanga, wamagetsi kumanzere, bokosi lake la zida lili pakati pa miyendo, awiriwo osayang'anana. Zatheka ankangoimirira ndi kukhala, nkhope itagwa. Mtsikana wa makiyi ankakolopa pafupi ndi khomo, akuyesa kubisa kuti nkhaniyi ikumusangalatsa.

Kenako pakhomo panaima mthunzi waufupi. Duku wobiriwira, magalasi akuda, chikwama chakuda chopanikizidwa m'khwapa. Mayiyo asanalowe anayang'ana kaye kudenga ngati kukudontha, n'kupitsa chala pa mpando woyamba kuti aone ngati pali fumbi. Ine ndinawadziwa pomwepo. Kafulumira anaimirira pang'onopang'ono.

"Azakhali?"

Mayiwo anaima chilili.

"Azakhali, vulani magalasiwo."

"Si anga," anatero iwo, koma anavula.

Woyamba kulankhula anali Zatheka, amene anatembenukira kwa mng'ono wake. "Mng'ono wanga, chibwenzi chako chakale chija ndi ichi. Ukanatiuza kuti umakonda achikulire." Anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. "Amayi, mukudziwa kuti ine sindikugona? Lamba uyu ndaboola bowo lina. Ndazungulira maholo onse, mpaka kukapempha malo osungira matumba a simenti, chonsecho holo ili m'chikwama mwanu."

"Munati zatheka."

"Ndinati zatheka chifukwa mnzanga anati zatheka."

"Ndiye nsapato zatsopanozo zachokera kuti?"

Zatheka anayang'ana mapazi ake, kenako anawayang'ana iwo. "Ndiye mumaganiza kuti ndadya holo n'kuvala kumapazi? Izi ndabwereka kwa mlamu wanga. Zanga zinatha chidendene ndikufunafuna malo ena chifukwa cha inu. Zikundipananso, ngati mukufuna kuona matuza ndivule."

"Musavule," ndinatero ine.

Mtsikana wa makiyi anaika chokolopera pambali n'kufotokoza zimene ankadziwa. Anati mnzake wa Zatheka uja sanauze munthu aliyense za ukwatiwu asanachoke, ndiye tsikulo linali la aliyense wofika koyamba. Anatinso bambo wa kwaya uja anapempha Loweruka lomwelo mayiwa atangotuluka, ndipo anachoka akudandaula. Zatheka anamva zimenezi atazolika mutu. Mayi Mwaonadi anayamba kuwongola mapewa, ngati munthu amene mlandu wamukomera.

"Holo mwaisunga, azakhali," anatero Kafulumira. Mawu ake anali otsika. "Zikomo. Koma mudzalowamo ndi ndani?"

Anatambasula dzanja lake lamanzere. Chala chinali chopanda mphete.

"Ndinabweza Lachisanu. Takhala tikudya limodzi masiku onsewa, ine ndi inu, tebulo limodzi. Ndakhala ndikukupatsirani mchere ndi dzanja lomweli."

Mayi Mwaonadi analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Munthu amene ankadziwa kusiyanitsa misozi pa nsalu ya mlendo anali atatha masiku akuganiza za nsapato za Zatheka, mwana wake akufota pamaso pake. Anakhala pansi pa mpando uja anaupitsa chala.

"Sindinaone," anatero.

Kenako anatembenukira kwa wamagetsi, n'kulankhula naye mwaulemu umene sindinawamvepo akuupereka kwa wachinyamata. "Bambo, mkazi amene mwakhala mukumufunafuna ndi ine. Kwa wa keke ndinali ine, kwa wa galimoto ndinali ine. Palibe amene anandituma, kaya wa mbali yanu, kaya wa mbali ya mwanayu. Ndinapeza dzenje, ndinalitseka, koma ndinakhala chete kuti ndimugwire mkulu wanu. Kukhala cheteko ndi kumene kwakuyambanitsani. Mlandu umenewo ndi wanga."

"Wina ndi wanga," anatero Zatheka. "Ndikanangonena Lamlungu lija kuti holo yapita, bwenzi amayiwa atatulutsa m'chikwama."

"Bwenzi nditakusiyani muvutike pang'ono," anatero iwo. "Koma ndikanatulutsa."

Wamagetsi anawerama, n'kutsekula bokosi lake la zida, n'kusuntha mapulayala ndi mawaya. Pansi pake panali kanthu kokulungidwa mu tepi yakuda ya magetsi. Anakagwira m'manja osakamasula.

"Nkhani ya dokotala ija ndinainena ndine, si azakhali," anatero, akuyang'ana Kafulumira koyamba tsiku limenelo. "Nawenso unanena zako. Tiye panja."

Anatuluka awiriwo, ndipo anakhalitsa. Pawindo tinkangoona misana yawo atakhala pa khoma lalifupi la mpanda, poyamba motalikirana. Ine ndinakhala pamene ndinali. Mayi Mwaonadi sanathe kukhala. Anaimirira n'kumuitana Zatheka.

"Achimwene, munati zimbudzi zake simukuzikhulupirira."

"Ndinangonena, amayi. Sindinalowemo n'komwe."

"Ndiye tiyeni tikaone."

Anapita limodzi, wina wamfupi patsogolo, wina wamtali akutsimphina pambuyo. Ndinkawamva akutsekula mipopi umodziumodzi, akukangana ngati chitseko china chikutsekeka bwino kapena ayi. Anapeza mpopi umodzi wosatuluka madzi ndi babu lakupsa m'khonde, ndipo anabwera kudzamuuza mtsikana wa makiyi onse awiri nthawi imodzi, ngati anthu amene agwira ntchito limodzi zaka zambiri.

Achinyamata aja atalowanso, maso a Kafulumira anali ofiira, koma mphete inali pachala, ikadali ndi zomatamata za tepi. Anapita kwa azakhali ake n'kuima patsogolo pawo.

"Magalasi aja ndipatseni."

Anamupatsa.

"Kuyambira lero, chimene mwaona muzinena tsiku lomwelo. Kaya chikuchititsa manyazi alamu, kaya ine."

"Unandiletsa ndiwe."

"Ndinakuletsani kufunsa pagulu. Sindinati muzivala ngati wakuba."

Lamlungu lotsatira, Mayi Mwaonadi anafotokozera komiti yonse zimene anachita, osachotsapo kanthu, ndipo Zatheka anafotokoza zake, akuwonjezera pang'ono kuti anthu aseke. Tinagwirizana kuti aliyense wopatsidwa ntchito azipita yekha ndi miyendo yake kukalankhula ndi mwini wake weniweni wa chinthucho, osati mnzake wa mwini wake, ndipo azipita awiriawiri, mmodzi wa kuchimuna, wina wa kuchikazi. Ntchito yoyendera zonse komaliza inapatsidwa kwa Mayi Mwaonadi ndi Zatheka. Kwa wa keke anapita kukapepesa, ndipo wa keke anawazindikira ndi mawu asanakhale n'komwe pansi. Mwini galimoto sanafune kupepesedwa, koma matayala awiri akutsogolo anasintha.

Kukayikira sanasiye, ndipo sindikhulupirira kuti adzasiya. Amagwirabe ntchito pamalo pomwe paja, ndipo mabanja a mumsewu wathu akakhala ndi ukwati amayamba kugogoda pakhomo pawo asanauze abale ena. Achinyamata amawaopa sabata yoyamba, kenako amayamba kuwaimbira okha kuti adzawaperekeze. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano amayenda nkhope ili poyera, ndipo akapeza cholakwika, eni ukwati amachimva dzuwa lisanalowe.

Ukwati wa Kafulumira ndi wamagetsi unachitika mu holo yomwe ija, pa tsiku lomwe linalembedwa pa makadi. Kuchokera nthawi imeneyo Mayi Mwaonadi ayendetsa maukwati ena ambiri a ana a eni ake, ndipo palibe ngakhale umodzi umene unasowa malo ochitikira.